Chigafa mu Ogasiti

Fodya anapita mu Juni.
Anakwera lole ya ku Chinkhoma ali mabelo asanu,
nabwerako ali kapepala kamodzi
kamene ndinakapinda kanayi n'kukabisa m'Baibulo
kuti ndisamakaone.
Chigafa chinatsala kukamwa yasa,
mikangala ili poyera ngati nthiti za ng'ombe ya chilala.
Sindinalowemo milungu isanu ndi umodzi.

Lero ndimafuna nkhwangwa,
ndapeza ana alanda boma.

Ndaziona wanga, wa sitandade faifi, ndiye kapitawo.
Kambani wa kutsidya akusonkhezera moto, misozi ya utsi ili mbwee,
ndipo timapasa ta alamu anga
tikukanda mikono mpaka kutuwa,
pakuti khonje sapalidwa ulele,
amabwezera ndi kuyabwa.
Adula mumpanda wanga. Ndawerenga zitsa: khumi ndi ziwiri.
Apala ndi khasu lakutha pa thabwa
mpaka ulusi kuyera ngati imvi.

Zitini zinayi pa njerwa.
M'china makoko a anyezi
otola pamsika wa Santhe ogulitsa ataweruka;
m'china chidede, chili psuu;
m'china maluwa a chisoso,
udzu umene ndautukwana m'mizere moyo wanga wonse,
lero akuutakasa ndi ulemu ngati tiyi wa alendo.
Chachinayi nthangala za mapeyala zoswa ndi mwala.

"Ababa, musaponde apo."
M'chigafa changa. Pakhomo panga.

Mkwiyo ndinali nawo wokwanira,
wa mpanda, wa nkhuni, wa chitini chosungira mbewu,
koma ndinalakwitsa kukweza maso.
Pa mikangala pomwe ndinkapachika ngongole
pakudontha chikasu,
pakudontha kufiira kwa m'kamwa mwa mwana wa mbuzi,
pakudontha mtundu wina umene ndilibe nawo dzina.

Uwo, akuti, unabwera mwangozi.
Msomali wadzimbiri unagwera m'chitini cha mapeyala
ndipo madzi onse anada nkhope.
Kambani analira, poti ndiye anagwedeza mtanda.
Ndaziona anavuula ulusi ndi kamtengo,
nauyang'ana nthawi yaitali, nati,
"Iyi ndi mitambo ya Disembala. Kasakeni misomali ina."
Tsopano ndadziwa chimene chitseko cha khola chikulendewera.

Kuseri kwa dimba kunatsala mlombwa umodzi
umene nkhwangwa yanga inaulambalala poti ndi wokhota.
Anausenda pang'ono, nalandira magazi ake m'chibekete,
kenaka anamata bala ndi dothi lonyowa,
akuti mtengo ungagone ukumva kuwawa.
Ine ndinagwetsa thengo lonse la kuno kuti tsamba liume pamthunzi.
Sindinamatepo chitsa n'chimodzi chomwe.

Ku okushoni wogula amatsina tsamba osaliyang'ana,
natchula mtengo miyendo ikuyenda.
Muno ulusi uliwonse amaukwezera kudzuwa,
naukanganirana, naupatsa dzina:
uwu Dzira, uwu Chilonda, uwu Galu wa a Nkhata.
Palibe wobwezedwa.

Ndinawauza, poti bambo sachoka osanena kanthu,
kuti chidede sichikhalitsa,
mvula yoyamba idzachisulutsa.
"Tikudziwa," anatero, osatembenuka.
"Tidzanyikanso."

Anapota pantchafu, malovu pang'ono m'manja,
ntchafu mpaka kuchita mizere yachikasu.
Akuti ziwiri zikhala zingwe za fulaye,
china mkanda wa mwana wa chidole,
chachitali n'cha njinga yanga,
kuti ndikaimika pachigayo ndiziizindikira.
Ngati ndingaiwale njinga yopanda pedulo imodzi.

Koma kuluka kumafuna pomangirira,
ndipo misomali yonse ili m'chitini.
Ndaziona anayang'ana uku ndi uku,
maso ake nagwera pa mapazi anga ong'aluka.

"Ababa, tibwerekeni chala chachikulucho."

Ndinakhala pansi pa fumbi la fodya wa chaka chino,
mwendo tambalale,
chingwe cha mitundu itatu chikukula kuchokera kwa ine.
Nkhwangwa ndinaiona. Ili pakona paja.
Akuti ndisagwedezeke.